Miyala ya Bambo Msaiwale

Bambo Fidelis Msaiwale a ku Girrawheen, dera la mumzinda wa kunja kuno kumene timakhala, ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo timapemphera tchalitchi chimodzi. Zimene ndalemba apazi ndinawafunsa kawiri, kuopa kuwanamizira.

Ali mnyamata kusukulu ya ntchito zamanja kumudzi ku Malawi, mphunzitsi wawo wochokera ku Japan anawapatsa chithunzi cha mabwinja a linga lakale, pamwamba pa phiri la kwawoko. Nyumba zonse zinatha kalekale, koma makoma a miyala adakali chilili, osanjidwa popanda simenti ngakhale pang'ono. Kwa zaka makumi atatu a Fidelis ankafuna chinthu chimodzi: kukwera phirilo, kupisa dzanja pakati pa miyalayo, amve chimene chimaigwira.

Tikiti yawo ya ndege yopita ku Japan inali ya mu Epulo 2020. Mu Malichi malire anatsekedwa chifukwa cha mliri. Kutuluka m'dziko kunkafuna chilolezo, ndipo kukaona miyala sichinali chifukwa choti munthu n'kulemba pa fomu.

Vuto linali bondo lakumanzere. Dokotala anali atawauza kale kuti lokwerera phiri latsala ndi chaka chimodzi, mwina ziwiri. Choncho Loweruka lililonse ankapita ku masitepe aatali a ku Kings Park, paki ya mumzinda muno, nsapato za ulendo kuphazi, chikwama kumsana, kukwera n'kutsika kuti bondolo lisaiwale ntchito.

"Bambo a Tithokoze," ankatero akazi awo, mayi Philomena, "bondo mukuti mukulisungalo ndi lomwe mukulimaliza. Japan wanuyo ndi ameneyu, wopita pa basi?"

"Atsegula mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa wa chaka chiti?"

Masitepe atawakanika, anayamba kubweretsa miyala yotsala kuntchito. Anaimika chithunzi chija pampando kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kusanja. Khoma linagwa kanayi. Kachisanu anathira timiyala ting'onoting'ono kumbuyo kwake kuti madzi azidutsa, ndipo linaima, lofika m'chiuno, lotsamira m'kati ngati la pachithunzi.

Koma nyumbayo ndi ya lendi. Mayi woyendera nyumba za lendi atabwera, a Fidelis anamutsogolera okha kukhomako, akumwetulira. Ankaganiza kuti mwini nyumba athokoza, monga zikanakhalira ku Lilongwe munthu ukakonza pakhomo pa eni. Mayiyo anajambula, kenako anafunsa kalata ya chilolezo. Anawapatsa milungu iwiri kuti aligwetse.

"Aligwetse?" anatero mayi Philomena, amene ankaliseka khomalo tsiku ndi tsiku. "Analigwedeza n'komwe mayiyo?"

A Fidelis analiphwasula okha, mwala umodziumodzi.

Pamene Japan inayambanso kulandira alendo, chakumapeto kwa 2022, a Fidelis anali akuyendera ndodo, akudikira opaleshoni. Ndinawapeza atakhala pa mulu wa miyala ija, pakona pa mpanda. Nsapato za ulendo zinali pakhonde. Anakana kuti ziperekedwe kutchalitchi.

Ndinawafunsa ngati tsopano akudziwa chimene chimagwira miyalayo.

"Za khoma langa ndikudziwa," anatero, akusisita bondo. "La eni akelo sindinalikhudze."