Mawu a Apongozi M'nyumba ya Thonje

Ndinali mphunzitsi pasukulu ina yaing'ono kufupi ndi Nazombe, ndili ndi mkazi ndi ana awiri, pamene anandiitana kuntchito imene mpaka lero sindidziwa kuti ndiitchule chiyani. Zinali zaka zija za chitaganya, nkhani ya migula, mizere yotchinga madzi imene boma linkakakamiza alimi kukumba m'minda, ili mkamwamkamwa. Sukulu inali itatsekera. Uthenga unangoti ku Phalombe kwabwera anthu ojambula mawu, ndipo akufuna munthu wodziwa kuwerenga Chinyanja amenenso amalankhula Chilomwe. Ine kujambula kumene ndinkakudziwa n'kwa zithunzi, choncho ndinavala jekete ndi nsapato zanga zopitira kutchalitchi, tsitsi n'kupesa bwinobwino.

Ndinawapeza atabwereka chipinda m'nyumba yosungiramo thonje. Makoma onse anali atawakuta ndi mabulangete ndi ziguduli, mawindo omwe, moti ankayatsa nyali dzuwa likuswa mtengo. Malo amenewo ankawatchula kuti situdiyo. Munali anthu awiri: mzungu wina wowonda amene ankayendetsa makina, ndi kalaliki wochokera kuchigawo chapakati amene ankalemba zoti zinenedwe ndi kumasulira. Mzunguyo sanayang'ane jekete langa. Anayang'ana kumapazi, n'kulankhula pang'ono.

"Akuti vulani nsapato, aphunzitsi," anatero kalaliki. "Zikulira."

Ndinavula. Anandiimika patsogolo pa kachitsulo kokhala pandodo, kamene ankati maikolofoni, n'kundipatsa pepala. Ndinafunsa kuti anthu amene ndiwawerengerewo abwera nthawi yanji.

"Sabwera. Muzingoganiza kuti ali m'kachitsulomu."

"Angati?"

"Mmodzi. Koma adzamva ndi ambiri."

Ndinakweza mawu monga ndinkachitira m'kalasi, mzungu uja n'kudzidzimuka, kuvula zinthu zakuda zimene anavala m'makutu. Ndinatsitsa, iye n'kukodola kuti ndikweze. Ndinasendera pafupi, anandibweza. Ndinabwerera m'mbuyo, anandikoka. Tsiku loyambalo linatha ndikunena mizere inayi yokhayokha, thukuta likutsikira m'makutu.

Ntchito yambiri m'chipindamo inali kudikira. Tinkadikira tambala amalize kulira, ngolo idutse, mbuzi ichoke kuseri kwa khoma. Pakhonde la sitolo yoyandikana nafe pankakhala telala wina wachisilamu, bambo wa ndevu zoyera, ndipo makina ake osokera ankalowa m'makutu mwa mzungu ngakhale ife sitinkawamva. Anagwirizana kuti kalaliki akakoleka kansalu kofiira pakhomo, telalayo azichotsa phazi pamakina. Tsiku lina ndikumwa madzi panja anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mawu anuwo ndi ofooka chotani kuti aziopa singano yanga?" Nanenso ndinkadzifunsa zomwezo.

Mawuwo ankalowa m'tepi, kachingwe kapyapyala kofiirira kozengedwa pa timagudumu tiwiri. Masana mzungu ankakhala pansi ndi lezala n'kumadula tepiyo. Ndikatsokomola, ankadula chifuwacho n'kutaya pansi. Ndikapuma mokweza, ankadulanso mpweyawo. Anafika potenga theka la chiganizo chimene ndinanena Lachiwiri n'kulilumikiza ndi theka la Lachinayi, ndipo atatsegula makina munthu wa m'katimo analankhula mosadodoma. Kalaliki anati ndine ameneyo. Ndinatola kachidutswa kamodzi pansi n'kukaunika panyali, kuti mwina ndionepo zilembo. Panalibe kanthu.

Za chinenero ndiye zinandizunguza kwambiri. Ndikawerenga Chinyanja, kalaliki ankandidula kuti ndikuimba ngati Mlomwe. Ndikamasulira m'Chilomwe, panalibe wondikonza, koma mzungu ankaloza wotchi kuti ndatalikitsa. Kuti zikwane nthawi, anachotsa moni yense ndi kupepesa konse kumene munthu amayamba nako polankhula ndi akuluakulu. Ndinadandaula kuti kwathu sitiyamba nkhani chomwecho. Kalaliki anati makina sadziwa ulemu.

Sabata yachiwiri anabweretsa kasewero. Munali alimi awiri, wanzeru ndi waulesi. Kalaliki anadzisankhira wanzeru, ine n'kundipatsa waulesi wokana migula. Ndinawerenga katatu, iye akungopukusa mutu.

"Mukumveka ngati mphunzitsi. Lankhulani ngati nkhalamba ya kumudzi. Kwanu kulibe nkhalamba?"

Ndinatsinzina kuti ndiganize za nkhalamba iliyonse. Kansalu kanali pakhomo, timagudumu tikuzungulira. Chimene chinatuluka m'kamwa mwanga ndi apongozi anga aamuna a ku Mkhumba. Iwo asananene kanthu ankayamba akonza kukhosi kawiri, kenaka n'kunena mokoka kuti, "Iyayi, tamverani kaye." Ndinachita chimodzimodzi. Pepala ndinaliiwala. Ndinanena zonse zimene ndinkawamva akunena tikapita kukacheza: kuti munda wawo uli m'chigwa, madzi sathamanga koma amakhala, kuti mgula ukatsekera madziwo chimanga chimafiira n'kuwola, kuti n'chifukwa chake makolo ankaunjika dothi n'kudzala pamatutu. Nditatsegula maso ndinapeza mzungu akumwetulira koyamba chibwerere changa, ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Kalaliki naye anati, "Nkhalamba yake ndi imeneyo."

Madzulo ake anakhala awiri pa tepiyo, kalaliki akumasulira, lezala ikugwira ntchito. Ine anandiuza kuti zanga zatha, ndikhoza kuvala nsapato. Ndinachoka ndisanamve chimene chinatsala.

Ndinachimva patapita miyezi iwiri, ku Mkhumba komweko, tsiku la msika. Ndinali nditaperekeza mkazi wanga kukaona makolo ake. Galimoto ya chimkuzamawu padenga inaima pansi pa mtengo wa mango, anthu n'kuizungulira. Itayamba kulankhula, ndinamva kukhosi kukukonzedwa kawiri.

"Iyayi, tamverani kaye..."

Pomwepo mlimi wanzeru analowerera, kulongosola za migula. Nkhalamba inayambanso, "Iyayi, tamverani kaye," wanzeru uja n'kuidulanso. Zinatero kanayi. Za chigwa munalibe, za matutu munalibe. Pomaliza nkhalambayo inangoti "Chabwino," mawu amene ndikukumbuka kuti ndinawanena tsiku lina, povomera kuti ndisendere pafupi ndi kachitsulo.

Msika wonse unatembenukira kwa apongozi, amene anaima chapambali ndi mtolo wawo wa fodya. Ena ankaseka, ena ankafunsa kuti anagonja liti, iwo amene sanalolepo mgula m'munda mwawo. Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuyang'ana pansi.

Pobwerera kumudzi apongoziwo anandiitana kuti ndiyende nawo pambali, chinthu chimene sankachita. Ndinakonzeka kupepesa.

"Aphunzitsi," anatero, "inu munagwira ntchito ndi anthu amenewa. Mawu anga anawatenga liti?"

"Bambo, si mawu anu enieni ayi. Ndi sewero chabe, munthu wina..."

"Iyayi, tamverani kaye. Mawu anga ndingawasowe ine? Ndine ndithu. Chondidabwitsa n'chakuti mnyamata wondidula pakamwayo sindinakumanepo naye. Ndipo chabwino uja sindinamunene."

Ndinayesa kufotokoza za tepi ndi lezala. Pamene ndinkalongosola, ndi pamenenso ndinkaona kuti zikumveka ngati bodza la mwana. Kunena kuti ndinali ine, pakamwa panakana. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ngati mawu a munthu amadulidwa, ndiye kuti otsalawo alipo pena pake, ndipo akufuna akawabwezeretse. Apo ayi, akanenanso okha kuyambira pachiyambi.

M'mawa mwake ndinawakweza panjinga mpaka ku Phalombe. Tinapeza chitseko cha chipinda chija chili pululu, mabulangete kulibe, anthu akulowetsamo mabelo a thonje. Telala anatiuza kuti ojambula aja ananyamuka kalekale, sakudziwa kuti analowera kuti. Apongozi analowabe, nasuzumira m'makona onse, nagogoda khoma ndi ndodo yawo. Kenaka anatuluka, nakhala pabenchi la telalayo, nayamba kumufotokozera za madzi a m'chigwa ndi matutu, mwadongosolo, osasiyako kanthu. Telala ankavomera ndi mutu uku akusoka kolala ya malaya. Ine ndinaima pamenepo nditagwira njinga mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo pobwerera apongozi anati tidzere kumunda akandionetse pamene madzi amakhala.