Kabatani ka pa lenzi ya ababa

Ndikukumbukira chaka chimene Felista anabwera kudzakhala kwathu ku Chitakale. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iyenso chimodzimodzi. Anali msuweni wanga, mwana wa achemwali awo a ababa, ndipo mayi ake atamwalira ku Milonde anafika ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato zapulasitiki. Sabata yoyamba ndinkamumvera chisoni. Yachiwiri isanathe ndinali nditayamba kale kumuyang'ana cham'mbali.

Ababa anali wojambula zithunzi. Maukwati, zinkhoswe, ana obatizidwa, zonse zinkadutsa m'manja mwawo. Chuma chawo chinali kamera ndi lenzi yaitali imene anagula kwa mlendo wina wodzakwera phiri. M'mbali mwa lenziyo munali kabatani kakang'ono. Ukakayatsa, mkati munkamveka kaphokoso ngati ka udzudzu, ndipo chithunzi chinkakhazikika ngakhale manja akunjenjemera. Kuyambira ndili wamng'ono, wopukuta lenziyo ndi kansalu kake kofewa ndinali ine. Felista atangofika, kansaluko kanayamba kupezeka m'manja mwake.

"Mwana uyu ali ndi diso," ankatero ababa pomuyamikira.

Diso! Ngati kuti ine zaka zonsezo ndinkaonera m'makutu. Nsanje inkandidya.

Tchuthi chitayandikira, ababa anapeza ntchito yokwera phiri masiku atatu, kukajambula alendo. Anati atenga mwana mmodzi yekha woti akaphunzire ntchito, ndipo kuti pasakhale zokondera, aliyense ajambule mathithi a ku Likhubula. Wachithunzi chabwino ndiye apite. Ine phirilo ndinali nditalilota kuyambira kalekale, ndiye ndingalole bwanji kuti wobwera dzulo alikwere ine ndili pansi?

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi, kenaka tinayenda wapansi kudutsa m'mitengo mpaka tinayamba kumva mkokomo wa madzi. Kunkazizira, miyala ili yonyowa ndi yoterera. Ababa anaimika kamera pa sitandi yake ya miyendo itatu. Anatifotokozera kuti pofuna kuti madzi akugwa aoneke osalala ngati thonje, kamera iyenera kukhala chitsegulire kwa kanthawi, choncho isagwiridwe m'manja. Atatero anapita kukacheza ndi anzawo onyamula katundu wa alendo, amene ankadya nzimbe chapatali.

Ndinayamba ndine. Ndinaonetsetsa kawiri konse kuti kabatani kaja ndi koyatsa, chifukwa ndinkadziwa kuti mankhwala a chithunzi chabwino ali pamenepo. Nditamaliza, Felista anatsikira kumadzi kukasamba m'manja, poti anali atadya nanazi ndipo sankafuna kudetsa kamera ya amalume ake. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndi chala chimodzi ndinakankha kabatani kaja, kaphokoso ka udzudzu kanaleka. Mumtima ndinati, tione diso lakolo lero.

Felista anabwera, nasuzumira m'kamera, najambula, osadziwa kanthu. Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera zithunzi zonse ziwiri zinkaoneka bwino, koma ine ndinkadziwa kuti zoona zake zidzaoneka zikatsukidwa zazikulu. Ulendo wobwerera ndinali wansangala moti ndinamugawirako chimanga changa chootcha.

Lachiwiri masana ababa anabwera ndi envulopu, nayala zithunzi ziwiri patebulo. Changa, miyala ndi masamba zinali mbuu, ngati ukuziona m'maso muli misozi. Cha Felista ukanatha kuwerenga tsamba lililonse, ngakhale ndere za pamwala, madzi akutsika oyera mbee pakati pake.

"Felista, wakuphunzitsa ndani kuzimitsa kabatani kamera ikakhala pa sitandi?" anafunsa ababa akumwetulira. "Ine ndinaiwala kukuuzani nonse. Ndinangopeza kozimitsa polongedza."

Akanangokhala chete, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Felista anali ndi khalidwe lina lotopetsa, losatha kunama.

"Sindinakagwire ine, amalume."

Ababa anatembenukira kwa ine. "Ndiwe, Esinati? Unazimitsiranji?"

Taonani mwayi umene unandidutsa! Ndikanadziwa chifukwa chenicheni, ndikanayankha mwanzeru n'kukwera phiri ine. Koma ndinalibe yankho lina kupatula loona. Ndinalira, ndikunena kuti ndinkafuna chithunzi chake chiwonongeke.

Ndinkayembekezera mbama, koma sinabwere. Ababa anatenga lenzi, nayatsa kabatani, naiyika pakhutu panga.

"Ukumva? Kameneka ntchito yake ndi kulimbana ndi kunjenjemera. Kamera ikakhala m'manja, kayatse. M'minibasi, kayatse. Koma ikakhazikika pa sitandi, makamaka lenzi yakale ngati iyi, kamafunafunabe kugwedera kumene kulibe, mpaka kamagwedeza chithunzi kokha. Pamenepo umakazimitsa."

Anauza Felista kuti akatunge madzi. Iye atatuluka, ababa anatsitsa mawu.

"Kansalu kaja ndinamupatsa dala. M'nyumba muno mnzakoyu analibe chilichonse choti anene kuti n'chake. Iwe uli ndi amako, uli ndi ine. Unkaopa chiyani?"

Kuphiri anapita Felista. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji, ndikuona msuweni wanga atakolekera chikwama cha kamera paphewa, atavala juzi yanga chifukwa amayi anati kumwambako kumazizira. Juzi yanganso! Masiku atatu amenewo ndinkasesa pabwalo nditafulatira phiri.

Lero Felista ali ndi situdiyo yakeyake, ndipo lenzi ija ababa anamusiyira iyeyo. Ine ndine mphunzitsi, ndimajambula ndi foni ngati wina aliyense. Ndinamvetsa mochedwa kuti malo anga pakhomo paja anali okhazikika ndithu, palibe amene ankawagwedeza. Ndinkalimbana ndi chinthu chimene kunalibe, ndipo amene anagwedeza zonse ndinali ine ndemwe.

Koma ndisakunamizeni kuti nsanje inatheratu. Chithunzi cha mathithi chija chili pakhoma mu situdiyo yake, m'felemu, dzina lake lili pansi. Ndikapitako ndimaima patsogolo pake n'kumukumbutsa kuti theka la chithunzicho ndi langa. Iye amaseka, n'kutsegula kabati, n'kutulutsa changa chija, chambuu, chimene wakhala akusunga zaka zonsezi.

"Chanu ndi ichi, asuweni," amatero. "Ichi munajambula nokha, popanda wokuthandizani."