Boti Limene Linasokoneza a Febian Daka

A Febian Daka anali dilaiva wa mishoni ina kufupi ndi Nyimba m'zaka za Fedeleshoni. Kuyendetsa anaphunzila ku migodi ya ku Wankie, ndipo chibwelele kwawo ku Nyalugwe sanagwetsepo galimoto m'ngalande. Anali munthu wofatsa, womvela aliyense, ndipo nthawi zina kumvelako n'kumene kunkawavuta.

Chaka china mishoni inalandila boti la injini, lokhala pa ngolo yake ya mawilo awili, loti lizikatenga odwala kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa. Abusa anauza a Daka kuti asankhe okha chokokela botilo mpaka kumadzi ndi kulivuula.

A Daka anayamba kufunsa. Makanika wa pa boma ku Petauke, a Cosmas Njovu, anati lole, chifukwa chokoka chiyenela kulemela kuposa chokokedwa. Mlamu wawo Whiteson anati jipi, popeza mawilo ake onse amakoka. Mlimi wina wa ku Msanzala anati thalakita, wina n'kuti ng'ombe, koma ameneyu anamuseka chifukwa kuchigwa kuli kashembe wopha ng'ombe. Aliyense akamalankhula, a Daka ankaona kuti akunena zoona.

Anatenga lole. Pobwelela cham'mbuyo pagombe, mawilo anamila mumchenga ngolo isanakhudze n'komwe madzi, ndipo anthu a m'mudzi anatha tsiku akukumba. Ulendo wachiwili anabweleka jipi. Boti linalowa bwino, anthu n'kuwomba m'manja, koma povuula jipi inangopalasa matope, ngolo n'kumaikokela kumtsinje pang'onopang'ono mpaka a Daka anamva madzi m'mapazi. Anaimangilila ku mtengo, anthu n'kuthandiza kukankhila zonse kumtunda.

Atawafotokozela a Njovu, iwo anati izi zikutsimikiza kuti lole ndiyo inali yoyenela. Whiteson anati vuto linali gombe, osati jipi.

"Ndiye mailo mukabwele ndi chiyani, bambo?" anafunsa amai Agness Mumba, namwino amene ankadikila kuwoloka.

"Sindidziwa, amai. Cholemela chimamila, chopepuka chimakokedwa. Chapakati sindinachione."

Thalakita ya mlimi uja inabwela mvula itagwa kale, mtsinje utadzaza, gombe limene ankalidziwa lili pansi pa madzi. Inalowetsa boti mosavuta, koma a Daka sanadziwe ngati chimene chinapambana ndi thalakita kapena ndi madzi amene anabwela okha pafupi. Mwini wake anaitenganso msanga kuti akalime.

Boti linatsala pamtsinje, lomangidwa ndi tcheni, ndipo amai Mumba anawoloka nalo dzinja lonse. Madzi ataphwa, amuna a m'mudzi analikokela kumtunda ndi chingwe akuimba.

A Daka anayendetsa magalimoto a mishoni mpaka maso anayamba kuchita khungu. Ngoloyo anaipeleka kwa achinyamata a kwaya, amene ankatutilapo njelwa za tchalitchi.