Ngolo ya Bambo pa Okushoni ya pa Foni

Ngolo ya malemu bambo anga ndinaiona pa foni Lolemba m'mawa, ndili m'chipinda cha aphunzitsi kudikira belu. Ndinaizindikira ndisanawerenge n'komwe zolembedwa pansi pake. Thabwa lam'mbali, lija bambo analichotsa pa chitseko chakale cha tchalitchi, linali likadali ndi utoto wake wobiriwira. Sindinamve chisoni ayi. Ndinali ndi mkwiyo umene ndinausunga zaka zitatu, ndipo tsiku limenelo unapeza pogwira.

Gulu la pa foni limeneli linayamba ngati masewera. Ankaliyendetsa ndi bambo wina wogulitsa zitsulo pa Dowa boma, amene tonse tinkangomutchula kuti adimini. Munthu akafuna kugulitsa njinga, makina osokera, kaya mbuzi, ankatumiza chithunzi kwa iye, iye n'kuchiika pagulu popanda dzina la mwini wake. Anthu ankapikisana mitengo sabata yonse, ndipo Loweruka ikangokwana thwelofu koloko masana adimini ankatseka. Wolemba mtengo waukulu pomaliza, katundu ankakhala wake. Lamulo linali limodzi basi: kukatsekedwa, wogula sabwerera m'mbuyo, wogulitsanso sabwerera m'mbuyo.

Ngoloyo inali kwa achimwene anga, kwathu m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Tinabadwa awiri okha, iwo ndi ine. Bambo atamwalira, achimwene anaitenga ponena kuti iwo ali ndi ng'ombe, pamene ine mphunzitsi ndili ndi choko. Ananena moseka, pamaso pa anthu, tsiku losesa maliro ataikidwa, ndipo anthu anaseka nawo. Chonsecho ndine ndinawadwazika bambo chaka chathunthu m'nyumba mwanga, n'kubwerako kumaliro ndi chipewa chawo chokha. Kuyambira pamenepo ine ndi achimwene tinkangopatsana moni tikakumana pa maliro a ena. Koma iwowo ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wanga, malume a ana anga, munthu yekha wotsala amene ankandidziwa ndikuyenda wopanda nsapato. Ndinkadziwa kuti tsiku lina tidzayenera kukhala pansi ndi kuthetsa nkhaniyo. Ndinkangofuna kuti tsikulo lidzafike ngolo ili pakhomo panga.

Madzulo ndinawaonetsa amuna anga chithunzicho. Iwo ndi mlimi wa fodya, ndipo zaka zimene akhala akuimirira pambali pa mabelo awo ku okushoni, kuonerera ogula akudutsa ngati sakuona kanthu, zinawaphunzitsa nkhanza zonse za wogula. Pagulu lija ankadziwika kuti sagula chinthu pa mtengo wake. Chaka chimenecho fodya anachita bwino, tinagula ng'ombe ziwiri, ndipo chimene chinkasowa pakhomo pathu ndi ngolo yomweyo.

Anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira. Kenako anandifunsa ngati ndinawerenga mawu apansiwo, akuti goli ndi zingwe ndi zaulere. Anati munthu amene ali ndi ng'ombe sapereka goli kwaulere. Anatinso mu Okutobala, mvula ili pakhomo, aliyense akututa manyowa ndi feteleza, palibe mlimi wamutu wake amene amagulitsa ngolo. Anandifunsa ngati si bwino kungowaimbira alamu awo, achimwene angawo. Ndinawayankha kuti ngati akuopa andipatse simukhadi yawo ina ija, imene abale anga saidziwa, ndichita ndekha. Amandidziwa ndikafika pamenepo. Anaitulutsa m'kachikwama kawo n'kundipatsa.

Anandiphunzitsabe, ngakhale monyinyirika. Anati ndisalembe mtengo uliwonse mpaka mphindi yomaliza, chifukwa wothamangira kulemba amadzutsa anzake, ndipo chinthu chimene anthu awiri achifuna wachitatu amachifunanso. Anati anzanga amene ndikuwadziwa pagulupo ndiwapemphe kumbali kuti andisiyire, tsiku lina ndidzawasiyira iwo. Ndipo ngati pali mlendo wolimba thumba, ndimuike kachikaiko mumtima: ndingofunsa ngati matayala akadali bwino, osanena zambiri. Wogula akayamba kukaika, chala chimalemera.

Lachiwiri ndinaimbira aphunzitsi awiri ndi mkulu wa mpingo mmodzi, onse anandisiyira. Anatsala bambo wina wa ku Chisepo wogula soya, amene ankakweza mtengo ngati akutola ndalama pansi. Wina akalemba, iye n'kulumpha pamwamba pake mphindi isanathe. Ndinafunsa za matayala monga anandiuzira amuna anga. Iye anayankha kuti matayala amagulidwa.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene sanandiphunzitse munthu aliyense. Ndili mtsikana wa sitandade sikisi, ekiselo ya ngolo imeneyi, chitsulo chogwira matayala chija, inathyoka mbali ya kumanzere, pa chitsikira chopita kumtsinje, titanyamula njerwa za tchalitchi. Tinalipo atatu: bambo, achimwene, ndi ine amene ndinagwira ng'ombe ndikulira. Bambo anakaiwotcherera ku boma, n'kuphimba powotchererapo ndi chitsulo china, ndipo anatiuza kuti tisauze munthu, chifukwa anthu angasiye kubwereka ngolo yathu. Kuyambira tsiku limenelo ekiseloyo sinavutenso, yanyamula chimanga cha mudzi wonse. Lachitatu masana ndinalemba pagulu kuti ndamva kuti ekiselo ya ngoloyi inathyokapo kumanzere, ndipo mwini wake atumize chithunzi cha kunsi ngati alibe chobisa. Zoti sinathyokenso zija sindinalembe.

Mawa lake adimini anaika chithunzi chatsopano. Chinali chopendekeka, chojambula munthu wosazolowera foni, koma powotcherera paja pankaoneka bwinobwino. Mwini ngolo sanawonjezepo mawu ngakhale amodzi odziteteza. Wa ku Chisepo uja analemba kuti iye sagula matenda, n'kutulukamo. Palibenso amene anakweza mtengo.

Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndione bwino ntchito ya bambo, ndipo ndinaona zimene sindinkafuna. Kuseri kwa tayala kunkaoneka khola, chitseko chake chitagwa pansi popanda wochidzutsa. Chapakona, pansi pa mtengo wa mango, panali mphasa, ndipo pamphasapo panali mapazi a munthu wogona dzuwa lili paliwombo. Anali otupa ngati maungu, moti zala zinkaoneka zazing'ono. Achimwene anga sindinawaonepo atagona masana chibadwire. Ndinadziuza kuti ndi mlendo woledzera, ndinabweza chithunzicho pamalo pake, ndipo ndinapita kukaphunzitsa masamu.

Lachisanu foni yanga yeniyeni inalira kawiri n'kuduka. Inali nambala ya alamu anga, akazi a achimwene, amene sanandiimbirepo zaka zitatu. Patapita ola inaliranso n'kuduka, monga achitira munthu wopanda mayunitsi amene akufuna umuimbire. Ndinaganiza kuti andizindikira ndipo akufuna kundinyengerera. Ndinatembenuza foniyo chafufumimba patebulo. Tsiku lonselo ndinkakalipira ana pa zinthu zazing'ono.

Kumene timakhala netiweki imagwira bwino pa kaphiri kuseri kwa sukulu, pamene pali mwala waukulu. Loweruka tinakwera kumeneko ine ndi amuna anga, iwo atagwira wotchi. Kunkatentha kwambiri, nyenje zikulira mosalekeza, utsi wa minda yotenthedwa utaphimba mbali yonse ya Ntchisi moti phiri silinkaoneka. Mtengo unali utaima pomwe unaima Lachinayi, wochepa kuposa wa mbuzi zitatu, pa ngolo imene ikanagula khola la mbuzi. Ndinalemba mtengo wanga pasadakhale, ndinawonjezera pang'ono chabe ndi kandalama kosamvetseka kumapeto kuti ndidutse aliyense wowonjezera ndalama yathunthu, chala n'kuchiimika pamwamba pa batani. Amuna anga anati ikadalipo nthawi yoti ndiwaimbire alamu. Ndinawauza kuti ayang'ane wotchi. Itatsala mphindi imodzi anagwedeza mutu, ine n'kudina.

Adimini anatseka. Ndisaname, ndinasangalala. Ndinatsika kaphiriko ndikuseka ndekha, ndikuona kale nkhope ya achimwene pamene mphunzitsi wa choko uja adzafike ndi ng'ombe zake. Amuna anga ankatsalira kumbuyo.

Tinanyamuka Lamulungu mbandakucha, tikukusa ng'ombe, ndipo tinafika dzuwa litapendeka. Pakhomo panali posasesa. Khola linali lopanda kanthu, ndowe yake youma kalekale. Alamu atationa anaima ndi chidebe m'manja, kuyang'ana ine, kuyang'ana ng'ombe, ndipo ndinaona kuti iwo sankadziwa kuti wogula ndine. Anaika chidebecho pansi pang'onopang'ono n'kutilozera ku mtengo wa mango.

Mapazi aja anali a achimwene. Miyendo ndi mimba zinali zotupa, koma nkhope inali itatha, yotsala maso okha. Ndinagwada n'kupereka moni, iwo anayankha bwinobwino ngati tinaonana dzulo, anafunsa za ana mmodzimmodzi. Alamu ndiwo anafotokoza, maso ali pansi. Matenda anayamba nthawi yokolola. Ng'ombe zinapita pa mankhwala ndi maulendo. Kuchipatala anawalembera kalata yoti apite ku Lilongwe msanga, ndipo ngoloyo ankaigulitsa kuti apeze zoyendera ndi zodyera wowadikirira. Achimwene anawaletsa kundiuza. Lachisanu lija, ataona kuti mtengo waima, anandiimbira mobisa kuti andipemphe thandizo.

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandinamitsa. Ndinati sindinkadziwa kuti ngoloyo ndi ya kwathu, ndinangoiona pagulu ngati wina aliyense. Achimwene anandiyang'ana popanda mkwiyo, ndipo ndikanakonda akanandilalatira.

"Za ekiselo zija tinkadziwa atatu," anatero. "Mmodzi ali kumanda."

Kenako anawonjezera:

"Unalemba zoona, mlongo wanga. Unangoiwala kulemba kuti sinathyokenso."

Ndinalira pamenepo, ndinawapempha kuti ngoloyo itsale, ndipereka mtengo wake weniweni, kapena kuposa. Anakana. Anati iwo analowa pagulu akudziwa lamulo lake, ndipo sangayambe kubwerera m'mbuyo chifukwa wogula wapezeka kuti ndi m'bale. Anauza amuna anga kuti amange ng'ombe kusanade, ndipo asaiwale goli, ndi laulere. Kenako achimwene anatembenukira kumtengo wa mango uja. Alamu anandinong'oneza kuti ndikaisiya achimwene adzaipereka kwa wina aliyense wodutsa, choncho tinaitenga. Ulendo wonse wobwerera ndinayenda wapansi, sindinakweremo.

Ndalama zina zowonjezera ndinawapatsa alamu mobisa, ndipo sabata yotsatira anapita ku Lilongwe. Anakhalako masiku ochepa, achipatala n'kuwabweza kuti akasamalidwe kunyumba. Sindidziwa ngati zikanasintha ndikanayankha foni Lachisanu lija, kapena ndikanawaimbira Lolemba pamene amuna anga ananena. Anthu amanditonthoza kuti matendawo anali atapita kale patali, ndipo mwina akunena zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti kukhala pansi kuja, kumene ndinakusungira tsiku langa lopambana, sikunachitike. Ndinapitako katatu. Ulendo uliwonse ankandilandira mwaulemu, kufunsa za ana, kufunsa ngati kwathu mitambo yayamba kusonkhana. Ndikangoyamba kuti achimwene, za ngolo zija, ankati atopa, akufuna kugona.

Anamwalira mvula yoyamba itagwa masiku atatu osakata. Galimoto imene inabweretsa bokosi inalephera kutsika kuchoka pamsewu waukulu, chifukwa njira ya kwathu inali matope okhaokha, ndipo kumanda n'kutsidya kwa mtsinje. M'mudzimo munalibe ngolo ina. Ndinali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi anzanga pamene ndinamva amuna akukambirana panja, mawu otsika, mpaka wina anatchula kumene ngolo ya pakhomopo inapita. Palibe amene anandiyang'ana. Amuna anga anadzuka okha, n'kuyamba ulendo wokamanga ng'ombe.

Tsiku loika, ngolo ya bambo inanyamula achimwene kudzera pa chitsikira chomwe chija chopita kumtsinje. Ng'ombe zinkaterereka, amuna asanu atagwira kumbuyo kuti isathamange, amayi akuimba. Ine sindinaimbe. Ndinayenda pambali, kumanzere, maso anga ali pa tayala, matope akufika m'maondo, mpaka tinawoloka ndi kukwera kutsidya. Ekiselo ija sinathyoke.