Tinamuika Ali Chikhalire

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha mphasa imene ndinagonapo m'nyumba ya mapemphero ya Ahindu, kuseri kwa Westlands mumzinda wa Nairobi. Mvula inali itayamba kale. Ophunzira a malemu mng'ono wanga anali asanaleke kuimba chiyambire dzulo lake, nyimbo imodzimodzi ya mawu ochepa. Ife Amalawi tinachezera pakhonde ndi nyimbo zathu za m'buku, ndipo pofika mbandakucha sikunalinso kulira maliro koma kupikisana mawu.

Mng'ono wangayo anabadwa Yohane, kwathu ku Dedza. Ali mnyamata anagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye ku Limbe, nayamba kuwerenga mabuku a abwana ake, mpaka anapita ku India. Anabwerako atameta mpala, atafunda nsalu yachikasu, anthu akumutcha Swami, dzina la aphunzitsi odzipereka a chipembedzo cha Ahindu. Ndinamukwiyira zaka zambiri. Koma atamutumiza ku Nairobi, kumene ine ndinagwira ntchito mpaka kupuma, ndinaona ndi maso anga. M'mawa ankaphunzitsa malemba awo. Masana ankatsikira ku Kibera, dera la anthu osauka, kukaphunzitsa ana kuwerenga ndi kusambitsa odwala amene abale awo anawathawa. Sanandiuzepo kuti ndisiye mpingo wanga.

Akudwala anandifotokozera za maliro ake. Munthu wolumbira monga iye samutentha ngati Ahindu ena, chifukwa tsiku lolumbiralo amadzichitira yekha mwambo wa maliro. Amamuika ali chikhalire, miyendo yopinda, popanda bokosi, ndipo amamuzunguliza mchere. Pomaliza, mwa mwambo wa nyumba yawoyo, amamukhudzitsa kokonati pamutu n'kukaiswa pamwala, kusonyeza kuti mzimu watuluka. Ndinalemba zonsezi bwinobwino, ndi kuziika m'faelo pamodzi ndi chilolezo cha boma choika maliro pamalo awo kunja kwa mzinda, kupitirira Ngong.

Masauko, mwana wa mchemwali wathu, anali atabwera kuchokera ku Lilongwe ndi cholinga chotenga mtembo kupita nawo kumudzi. Madzulo a dzulo lake ndinasonkhanitsa abale kuti ndiwawerengere zimene ndinalemba zija.

"Amalume, mapepala saika maliro," anatero. "Munthu wa kwathu amagona m'bokosi. Zokhazika mtembo pansi ndi za afiti."

"Mwini mbumba ndine, khala pansi umve."

Sanakhale. Anatuluka ndisanatembenuze tsamba loyamba.

Kutacha, moto unayaka pansi pa matenti. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkangozungulira m'maso. Amayi achimwenye ndi amayi a ku Kibera ankaphika mpunga ndi nyemba m'mapoto aakulu. Mayi wina wa kwathu anasuzumira m'poto nati sanaonepo maliro opanda ngakhale phiko la nkhuku. Anthu anayamba kufika. Ena anatsika m'maminibasi amene kuno amati matatu, atadzifunditsa mapepala apulasitiki, ena m'magalimoto awo kuchokera ku Lavington, dera la anthu olemera. Ambiri anali anyamata a ku Kibera amene malemuyo anawaphunzitsa ali ana, tsopano zimphona za ndevu.

Mng'ono wanga anamutulutsa atamukhazika pampando, maluwa m'khosi, maso otseka ngati akupemphera. Anamukweza pagalimoto yotsegula kumbuyo ndipo tinanyamuka pang'onopang'ono. M'mbali mwa msewu anthu ankaima kuyang'ana. Wanjinga yamoto wina anavula chisoti, poganiza kuti ndi wamoyo, kenako anazindikira nathawa. Titasiya tala, matope akuda anagwira mateyala, ndipo mtunda wotsalawo anyamata anamusenza pamapewa.

Dzenje linali lambali zinayi zofanana, lakuya. Masauko analiyang'ana nalavula. "Limeneli ndi la chimbudzi," anatero mokweza. Ophunzira aja atayamba kukhuthula matumba a mchere, kumbuyo kwanga kunamveka kung'ung'udza. Mchere kwathu uli ndi zoopsa zake, ndipo aliyense ankaganiza zake.

Wotsogolera mwambo anali mkulu wa nyumba ya mapemphero ija, nkhalamba yochepa thupi yochokera ku India. Mpando unali m'mphepete mwa dzenje. Nkhalambayo inatenga kokonati ndi manja awiri, niikweza pamwamba pa mutu wa mng'ono wanga.

"Akumuswa mutu!" anakuwa Masauko.

Sindinaone pamene Masauko anatolera fosholo. Ndinangomva mkono wa nkhalamba ukuthyoka ngati chikuni chouma. Kumenya kwachiwiri kunafikira pachipumi. Magazi anatsikira pansalu yachikasu ija, mvula n'kuwamwaza, ndipo nkhalamba inagwa chagada m'matope.

Anyamata a ku Kibera sanafunse funso. Anamugwetsa Masauko namuzinga. Ankamuponda ndi nsapato kumutu, m'mimba, paliponse. Wina anathyola mtengo wa tenti. Wina anazula mwala umene anaukonzera kokonati uja, naunyamula m'mwamba. Ndakhala mumzinda uno nthawi yokwanira kudziwa mmene zotere zimathera. Amayi ankakuwa, amuna a masuti anathawira kumagalimoto, ndipo mpando wa maliro unapendekeka, mng'ono wanga n'kutsala pang'ono kugwera m'dzenje chamutu.

Ndinadziponya pamwamba pa Masauko. Sindinachite zimenezi chifukwa chomukonda, koma chifukwa sindikanatha kuimbira mchemwali wanga kumuuza za maliro achiwiri. Faelo inagwera m'matope. Nsapato ina inandipeza m'nthiti, ina pakamwa, ndipo ndinamva dzino likuyendayenda palilime.

Amene anatipulumutsa ndi nkhalamba yomweyo. Inakwawa ndi dzanja limodzi mpaka pamene tinali, n'kukhala motitsamira. Inalankhula Chiswahili chosweka, koma onse anamva.

"Mukamupha, mukumbe dzenje lina. Ndipo mukauze anthu kuti mphunzitsi wanu sanakuphunzitseni kanthu."

Wa mwala uja anaima nawo m'mwamba, akulira. Kenako anaubweza pamalo pake.

Anaongola mpando. Mayi wina anang'amba mpango wake namanga chipumi cha nkhalamba. Mkono wothyoka uja unali ukulendewera. Inaloza kokonati m'matope, kenako inaloza ine, nindiitana mmene amaitanira akuluakulu kuno.

"Mzee, ine sindingathenso. Chitani ndinu."

Ndine mkulu wa mpingo. Ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika kwathu ine ndisanafike. Koma ndinaitola. Ndinauza anyamata awiri kuti amudzutse Masauko ndi kumuyang'anitsa kuno. Ndinakhudzitsa kokonatiyo pamutu wa mng'ono wanga, pang'onopang'ono, paliwombo pomwe ndinkamumeta ndi lezala tili ana. Kenako ndinatembenukira kumwala. Mphamvu zinali zitandithera, ndipo ndinamenya kangapo isanasweke. Madzi ake anathovukira pamalaya a Masauko.

Anandiyang'ana ndi diso limodzi, lina litatupa.

"Basi, amalume? Ndi zomwezi?"

"Ndi zomwezi. Zinali patsamba lachiwiri."

Mng'ono wanga anamutsitsira m'dzenje, namuthira mchere mpaka m'mapewa, kenako dothi. Amalawi sitinaimbe. Nkhalamba anaitengera kuchipatala, ndipo inakana kuti apolisi aitanidwe. Ine sindinagwirizane nazo, ndipo mpaka lero sindigwirizana nazo. Munthu amene sanafune kumvetsera tsamba limodzi anathyola mkono wa mlendo pamanda a malume wake, ndipo sanagone m'chitokosi ngakhale usiku umodzi.

Madzulo ndinabwerera kunyumba ya mwana wanga wamkazi ku Lavington. Mvula inali itakata. Masauko anagona kuchipinda cha alendo, chitseko chotseka, osadya. Palibe anayatsa wailesi. Pakhomo ndinaika nkhwayira za mng'ono wanga, zimene ophunzira ake anandipatsa, poti china analibe. Ndinayala mapepala patebulo kuti aume. Chilolezo cha boma chinali chitasungunuka inki. Tsamba lachiwiri linatsala, lili ndi chidindo cha nsapato pakati, koma mawu onse akuwerengeka. Ndinalipukuta ndi kansalu, ndinapita nalo kuchipinda cha alendo, ndi kulilowetsa pansi pa chitseko.