Malata a Papa Ebo

A Papa Ebo Essandoh anali ndi vuto limodzi: ukangowaitana kuti Papa, dzanja lawo linkayamba kufunafuna cholembera. Anagwira ntchito ya ukalipentala zaka makumi atatu ndi ziwiri pakoleji ya zaumisiri ya kwathu kuno, kukhoma madesiki, kusintha maloko ndi kumata madenga odontha. Ine Araba ndimagulitsa kenkey, nsima yathu yowawasa yokulunga m'makoko a chimanga, ndi nsomba pageti la kolejiyo kuyambira ndili mtsikana. Zambiri mwa izi ndinaziona ndekha, zotsalazo anandiuza eni ake atakhala pabenchi langa.

Masiku amenewo wophunzira akafuna ngongole ya boma ya fizi ankayenera kupeza munthu wapantchito womusainira. Lamulo lake linali lachidule: mwana akathawa ngongole, boma ligwira penshoni ya wosainayo. Aphunzitsi ankalidziwa bwino lamuloli, n'chifukwa chake mwana akangotulutsa fomu, iwo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano. Okanidwa onse ankathera kushedi ya matabwa, kwa Papa.

"Papa, inu ndiye bambo anga pano."

"Bweretsa kuno, ndisaine pati?"

Ndinawachenjeza mpaka pakamwa kuuma. "Papa, ana omwewa amandibera nsomba ndikangotembenuka. Inu ndiye mukuwasungitsa ukalamba wanu?"

"Araba, iwe mtima wako ndi wa tsabola," ankatero akuseka. "Mwana wophunzira saiwala."

Anasainira ana asanu ndi anayi. Asanu ndi atatu anabweza, ndisawanamizire. Wachisanu ndi chinayi anali Fiifi Arhin, mnyamata waulemu wake, wa mano oyera, amene atangolandira dipuloma anasowa ngati walowa pansi.

Tsiku lopuma pantchito, koleji inawapatsa wotchi yapakhoma ndi kalata yoti atuluke m'nyumba ya koleji pakatha miyezi itatu. Iwo sanade nkhawa. Kumapeto kwa tauni anali ndi nyumba yawo, imene anamanga pang'onopang'ono kwa zaka khumi ndi zisanu. Makoma anali atatha, mitengo ya denga anakhoma okha. Chinatsala ndi malata basi, ndipo malatawo anali m'ndalama ya penshoni. Atapita kukaitenga, anauzidwa kuti yagwidwa chifukwa cha Fiifi.

Mwamwayi, boma mwa chifundo chake linali litangotsegula desiki la uphungu ndi chithandizo kwa obwereka ngongole ya sukulu. Analitsegula ndi gulu la zitoliro, mpunga ndi nkhuku, ndipo aliyense wa muofesimo analandira malaya olembedwa mawu olimbikitsa. Padesikipo anaikapo Mayi Gifty Baiden, munthu wosangalala, wonunkhira bwino, amene anali atatha miyezi iwiri akulangiza mpando wopanda munthu.

"Takulandirani, bambo! Ndinu wobwereka?"

"Ayi mayi, ndine wosainira."

"Ooh, pepani. Uphungu wathu ndi wa obwereka. Koma khalani pansi, munthu akakhala timamulemba m'buku kuti tathandiza."

Anawapatsa madzi ozizira ndi kapepala kophunzitsa kagwiritsidwe ntchito kabwino ka malipiro a pamwezi. Kenako anawalangiza kuti akamupeze mnyamatayo.

"Nanga inu a boma simungamupeze?"

"Ife timathandiza amene abwera okha, bambo. Osaka anthu ndi nthambi ina, ndipo sinatsegulidwe."

Apa mpamene Papa anaonetsa kuti si ophunzira okha ali ndi mutu. Munthu wa kwathu akhoza kuthawa boma, kusintha nambala ya foni, kusintha tchalitchi ngakhale mkazi. Koma m'banja mwake mukagwa maliro, dzina lake liyenera kukhala pachikwangwani cholengeza malirowo chimene timamata m'makoma, pamodzi ndi ntchito yake ndi kumene amakhala, kuti dziko lidziwe kuti womwalirayo sanabereke anthu wamba. Tsono Papa anagula magalasi a pamsika nayamba kuwerenga makoma. M'mawa uliwonse ankakwera basi, kutsika pasiteji, kuwerenga zikwangwani za maliro kuyambira pamwamba mpaka pa zidzukulu. Anthu ankayesa kuti akusaka kodyera.

Sabata lachisanu ndi chiwiri, pasiteji ya ku Mankessim, anamupeza. Panali chithunzi cha mayi wokalamba atavala mikanda, ndipo pamndandanda wa ana pamwamba penipeni panalembedwa kuti: Injiniya Fiifi Arhin, kampani ya mafuta, Takoradi. Papa anamatula chikwangwanicho mosamala nathamangira nacho kuofesi. Mayi Baiden anaomba m'manja, anachidinda chidindo, nachiika mufayilo. Akuti chinali chipatso choyamba cha desiki lawo.

Loweruka ndinatseka malonda, ndinavala nsalu yanga yakuda n'kuwaperekeza kumaliroko, chifukwa ndinkafuna kuona injiniya akutuluka thukuta. Panali mahema asanu ndi oimba ng'oma, ndipo mwamuna wina pachimkuzamawu ankalengeza chipepeso cha aliyense, dzina ndi ndalama yake. Fiifi anakhala kutsogolo atavala nsalu yodula ndi magalasi akuda, anthu akudutsa pamzere kumugwira chanza. Atangoona Papa, magalasi aja anatsetsereka pamphuno. Anadzuka, anawakokera kuseri kwa hema, nagwada m'fumbi.

"Papa, ndiphenitu. Ine si injiniya. Chimalizireni sukulu sindinalembedwepo ntchito. Ndimayendetsa pragya ya munthu."

Pragya ndi tinjinga tamoto ta matayala atatu tija timanyamula anthu ndi madengu kumsika.

"Nanga Takoradi? Nanga kampani ya mafuta?"

"Ndi amalume analemba zimenezo. Amati mayi anawamba nsomba zaka zonsezi kuti ndiphunzire, ndiye sangaikidwe m'manda ngati mayi wa woyendetsa pragya. Nsalu iyinso ndi yobwereka, Papa. Ndibweza mawa."

"M'menyeni khofi!" ndinatero ine. "Ngati dzanja latopa ndibwerekeni tsaya lakelo."

Papa anamudzutsa, namusasa fumbi m'mawondo. Ndipo, ndikunena ndikupsa mtima mpaka lero, anapita patebulo n'kukaperekanso chipepeso cha ndalama zathu za kuno, masidi makumi awiri.

Lolemba anapita onse awiri kuofesi, Fiifi atavala malaya ake enieni ong'ambika pakolala. Mayi Baiden anasangalala kwambiri kuona wobwereka weniweni, wamoyo, mpaka anaitana anzawo kuti adzamujambule. Ndipo anali ndi uthenga wabwino. Boma linakonza kale njira: wobwereka amene sali pantchito asaina fomu, ngongole iima kaye, penshoni ya wosainira imasulidwa. Fiifi anasaina. Papa anayamba kuwerengera malata m'mutu. Mayi Baiden anatsegula fayilo kuti aikemo fomuyo, kenako nkhope inasintha.

"Achimwene, koma apa palembedwa kuti ndinu injiniya."

"Ndi zamaliro izo, mayi. Si zoona."

"Zili ndi chidindo chathu."

"Mayi," anatero Papa, "pepala limenelo ndinabweretsa ndine."

"Eya bambo, ndipo tikukuthokozani. Koma fayilo imodzi singanene kuti munthu ali ku kampani ya mafuta, n'kunenanso kuti sali pantchito. Akuluakulu ku Accra adzati tikuba. Chofunika ndi kalata ya mkulu wa banja, yonena kuti chikwangwanicho chinanama. Ikangobwera, sabata ziwiri basi."

Anawalemba onse awiri m'buku kuti athandizidwa.

Mkulu wa banja anali malume ake a Fiifi, a Nana Otoo, munthu wonenepa wa mawu ofewa. Papa ndi Fiifi atapita kwawo, a Nana anawalandira bwino, anawapatsa madzi, anafunsa za ulendo, namvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu.

"Akulu anzanga, ndamva, ndipo zandikhudza. Koma taganizani. Ine ndilembe ndi dzanja langa, kalata yopita kuboma, kuti banja lathu linanama pamaliro a mlongo wanga? Anthu anapereka chipepeso cha mayi wa injiniya. Tiyambe kuwabwezera mmodzimmodzi?"

"Nana, kalatayo aiona ndi anthu awiri okha."

"Muofesi? Kumene mwana wa apongozi anga amasesa? Ayi. Tidikire mwambo wokumbukira malemu pakatha chaka uthe, misozi iume, ndiye tidzaone."

"Nana, mvula ikuyamba mwezi uno. Ine ndilibe denga."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero a Nana Otoo, nawaperekeza mpaka pamsewu.

Fiifi ankangoyang'ana zala zake za kumapazi.

Miyezi itatu itakwana, wolowa m'malo mwa Papa anafika ndi katundu wake n'kuima pakhonde. Ndinapita kukathandiza akazi awo a Papa kumanga miphika m'nsalu. Mayiwo sanalire. Fiifi anabwera ndi pragya, ndipo pamenepo ndinati kapena mwanayu ali ndi manyazi ndithu. Anasenza bedi, anasenza bokosi la zipangizo, maulendo anayi kupita kumapeto kwa tauni. Tinalowetsa zonse m'chipinda chimene ukagona chagada umaona akhwangwala akudutsa pakati pa mitengo ya denga. Kumwera kunali kutada bii, mphepo ikununkha mvula. Papa anafunditsa matiresi ndi mapepala apulasitiki, natsindika ndi njerwa m'makona.

Atatsitsa mpando womaliza, Fiifi sananyamuke. Anaima pakhomo lopanda chitseko akukanda m'mutu.

"Papa, musandimve molakwa. Ntchito yanga ndagwira yaulere. Koma mwini njingayi amayeza tanki madzulo. Ya mafuta yokha, Papa."

Ndinatola chidutswa cha njerwa, akazi awo a Papa anandigwira mkono. Papa anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa zonse zimene zinalimo, namupatsa.

Madontho oyamba anagwa pragya isanakhote pakona.