Tsiku limene ndinapita kwa phungu ndi mandasi

Bambo a ana anga atamwalira, ndinatsala ndekha m'kanyumba ka lendi ku Highfields, mumzinda wa Leicester kumayiko akunja kuno. Mwana wanga wamkazi, amene amasamalira okalamba ku Ireland, anati ndisamukire kwa iye, chipinda chilipo. Ndinayamba kulongeza.

Pasanapite nthawi, mawu ake pafoni anasintha. Mogeji, ndalama zobweza ngongole ya nyumba yake mwezi ndi mwezi, inkangokwera.

"Amayi, dikirani kaye," anatero. "Zikapitirira chonchi, nyumbayi tiigulitsa."

Ndinafunsa kuti akukwezayo ndani. Anati ndi banki yaikulu ya mayiko onse a ndalama ya yuro, ili ku Germany, ndiyo imakweza chiwongoladzanja.

Mtima sunakhale pansi. Kwathu ku Balaka zinthu zikavuta timapita kwa phungu, ngakhale bokosi la maliro timakapempha komweko. Nditamva kuti phungu wa dera lathu kuno ku Leicester amaonana ndi anthu Lachisanu mu holo ina, ndinavala chitenje changa chabwino, n'kunyamula mandasi, poti kwa akulu sapita chimanjamanja.

Phunguyo mandasiwo anangowayang'ana, osadziwa chochita nawo. Chizungu changa n'chothyokathyoka, koma anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, kuno ndalama yathu ndi paundi, osati yuro," anatero. "Nyumba yathu ya malamulo ilibe mawu pa banki imeneyo."

"Nanga phungu wa mwana wanga, ku Ireland komweko?"

"Kudandaula angathe, koma kuilamula ayi. Akuluakulu a bankiyo amakayankha mafunso ku nyumba ya malamulo ya ku Ulaya, kenako amachita zimene aona okha. Anakonza dala chotero, kuti andale asamaseweretse ndalama."

"Ndiye anthu amawavotera?"

"Ayi. Amaikidwa ndi atsogoleri a mayikowo."

"Akalakwitsa, ife timalira kwa yani?"

Iye anangondifunsa ngati ineyo ndili ndi vuto la nyumba kuno ku Leicester, poti pamenepo angathe kuthandiza. Ndinati ayi, zikomo.

Madzulo ndinamufotokozera mwana wanga. Anaseka. "Amayi inu, mpaka mandasi? Mumati aimbira foni ku Germany?" Kusekako kunathera m'kulira. Anati ndisawauze eni nyumba kuti ndikuchoka.

Nyengo yozizira isanathe, mwana wanga anaiika nyumba yake ija pamsika n'kukachita lendi chipinda chimodzi. Ine ndinasainanso lendi yanga ya ku Highfields. Mpaka pano wailesi ikatchula yuro ndimasiya chimene ndikuchita n'kutchera khutu, ngakhale zambiri sindizimva.